Mawu Ochedwa Kufika Padenga

2001

Za ubwana wanga ku Thyolo ndizilumpha, ana anga, poti amayi anu anakusimbirani kale, mwinanso mokometsera kuposa mmene zinalili. Ndiyambira chaka chimene ndinasiya benchi langa lokonzera mawailesi pakhonde la golosale ina ku Ndirande, n'kukalembedwa ntchito pa shopu yogulitsa ndi kukonza ma TV ku Limbe. Nthawi imeneyo TV inali itangoyamba kumene m'dziko muno, ndipo aliyense amene wagula ankafuna munthu woti akamuikire eriyo padenga. Bwana wamkulu, mwini shopu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato nati, "Iwe uli ndi pepala la sukulu, uzikhala pansi n'kumaona chithunzi. Wokwera denga alipo kale." Wokwera dengayo anali a Sozinyo, Msena wa ku Nsanje, Mkatolika wosaphonya Misa, munthu wamfupi wa mapazi otambalala ngati a bakha. Anandiposa zaka zisanu, choncho ndinkawatcha achimwene, ngakhale kuti pa ntchito wamkulu ndinali ine.

Inu amene mwakulira pa mafoni simungadziwe mmene ntchitoyi inkayendera, ndiye mverani. A Sozinyo ankakwera padenga, kumanga mlongoti wachitsulo, eriyo pamwamba pake, kenako kuyamba kuuzunguza. Ine ndinali m'nyumba, maso pa TV. Poyamba pagalasi pankangooneka timadontho toyera ndi takuda tolirima, timene tonse tinkati mpunga. Eriyo ikamayandikira kumene kuli sigino, mpungawo unkayamba kuchepa, nkhope ya munthu n'kumatuluka pang'onopang'ono. Ine ndinkakuwa kuti, "Pitirizani! Pitirizani! Bwezani pang'ono!" Chithunzi chikayera ndinkati, "Pomwepo!" ndipo iwo ankamanga bawuti. Nyumba ikakhala yaitali moti mawu sakufika, ndinkagogoda khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: kamodzi, imani, kawiri, bwezani. Tinayenda choncho m'Chilomoni, m'Zingwangwa, m'Chitawira, m'Machinjiri, mpaka anthu anatipatsa dzina loti a Pomwepo. Koma tiyi ndi zikomo za eni nyumba zinkafikira ine. Iwo pomatsika, atadetsedwa ndi dzimbiri, ankapeza banja lonse launjikana pa TV, malo oimapo palibe. Ankangoseka n'kunena kuti, "Ine TV ndimaionera m'kamwa mwanu, achimwene." Ndinkaseka nawo, osaganizapo kalikonse.

2008

A Sozinyo anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Inasiyo, ndipo mtima wawo wonse unali pa iye. Ankati akamaliza sukulu adzaphunzire zamagetsi, azidzakhala pansi ngati ine, asadzakwere denga la munthu. Tsiku lina m'mawa anafika ku shopu nkhope ili gwa, osapereka moni. Tili pa minibasi yopita ku Chemusa, makwerero tamangirira kumbuyo, ndinawafunsa chimene chalakwika. Anati, "Mwana uja akuti akupita ku seminale. Akufuna unsembe." Ine ndinati, "Aa, si ulemu umenewo? Inu amene simuphonya Misa?" Anandiyang'ana ndi diso loipa nati, "Ulemu wa mwana wa mnzako umakoma. Ine dzina la bambo anga lithere pa ine? Ndamuuza pamaso pa amayi ake: pita, koma tsiku lokudzoza ine sindidzapondako." Ndinawauza kuti mawu otere sanenedwa, pakamwa pamalodza. Anangoti, "Ndanena, ndanena." Inasiyo anapitadi. Akabwera pa holide ankapatsana moni ndi bambo ake ngati anthu okumana pa depoti, basi.

2012

Chaka chimene mafuta anasowa, galimoto ya shopu inkagona pa mzere masiku atatu, ndipo ife tinabwerera ku miyendo. Ndikukumbuka tikuyenda pansi kuchokera ku Limbe mpaka ku Zingwangwa, makwerero paphewa, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Chingwe chatsopano cha eriyo kunalibe, tinkalumikiza zidutswa. A Sozinyo ankatola mapaipi akale a madzi n'kuwasandutsa milongoti, ndipo ntchito sinaime. Bwana wamkulu ankati pa antchito ake onse, awiri ife ndiye sitinamubweretserepo dandaulo la kasitomala. Chaka chomwecho anadwala n'kusiyira shopu mwana wake, bwana wamng'ono. Ameneyu sanali munthu woipa, ndisamunamizire, koma anali wa changu, ndipo anthu ankawaona ngati zida za m'bokosi.

2015

Kenako kunabwera dijito. Boma linatiuza kuti TV yakale ija izimitsidwa, aliyense agule dikoda, ndipo mpunga watha. Bwana wamng'ono anandigulira zida zatsopano zoyesera sigino: laputopu, ndi kachipangizo kangati fulashi yaikulu kotchedwa tyuna. Tyunayo umaibaya m'mbali mwa laputopu, kumbuyo kwake n'kulumikiza chingwe cha eriyo, basi laputopu yasanduka TV. Tsiku loyamba kuona chithunzi chimene amati HD ndinagwira pakamwa. Munthu wowerenga nkhani ndinamuona thukuta la pamphuno, ndi ulusi umene unasomphoka pa kolala yake. Ndinanyada, ana anga. Ndinkayenda ndi chikwama cha laputopu ngati dokotala.

Koma dijito ili ndi khalidwe lake. Ilibe zapakatikati: chithunzi chimabwera chonse, kapena galasi limangokhala bii. Ndiponso sichibwera nthawi yomweyo. Eriyo ikaloza malo oyenera, tyuna imayamba yaganiza kaye, kenako n'kutulutsa chithunzi. Tsono a Sozinyo manja awo anazolowera kuzunguza mlongoti mosalekeza, kudikira mawu anga. Ine pomati "Pomwepo!" iwo anali atadutsa kale. Ndikati bwezani, ankabweza n'kudutsanso. Ntchito ya theka la ola inkatitengera m'mawa wonse. Tsiku lina ku Machinjiri ndinatuluka m'nyumba ya kasitomala n'kuwakalipira pamaso pa anthu kuti, "Achimwene, mlongoti si chiwongolero cha minibasi! Bwanji simukumva?" Anasuzumira m'mphepete mwa denga nati, mosakweza mawu, "Inu muli pansi, mukuona. Ine kuno ndilibe maso. Si manja anga amene akuthamanga, ndi mawu anu amene akuchedwa." Ndinaona ngati chipongwe.

Sabata yomweyo bwana wamng'ono anandiitanira mu ofesi nati, "Madala aja dijito akuitha? Undiuze zoona." Ndikanatha kunena kuti tikuphunzira tonse. Ndikanatha kupempha mwezi umodzi. Koma mkwiyo wa ku Machinjiri unali udakali pakhosi, ndipo ndinati, "Amazunguza msanga, bwana. Sakumva." Mawu anayi, asanu. Kutha kwa mwezi a Sozinyo anapatsidwa kalata. Anabwera kudzanditsanzika, kundigwira chanza ndi manja awiri, nati, "Tayenda bwino, achimwene." Ankadziwa kuti ndine, ndipo sananene. Manyazi anandigwira moti zaka ziwiri zonse sindinapondeko kwawo ku Bangwe, ngakhale nditamva kuti agwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wa kumanja zafa, ndi pakamwa pomwe patsekeka.

2017

Kunali kutatsala miyezi inayi kuti ndipume pa ntchito pamene akazi awo, amayi a Inasiyo, anabwera ku shopu Lachinayi lina la mwezi wa Julayi. Anakana mpando. Anati, "Alamu, Loweruka lino Inasiyo akudzozedwa unsembe, kutali, m'chigawo chapakati. Ine ndinyamuka mawa. Bambo ake sangayende. Mwambowo auonetsa pa TV ya mpingo, koma TV yathu inafa ndi dijito yanuyi, ndiponso Loweruka kwathu ndi tsiku lopanda magetsi." Ndinafunsa ngati eni ake akufuna kuonera, poti lumbiro lija ndinkalidziwa. Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nati, "Khadi la mwambo amagona nalo pansi pa pilo. Amaloza khadilo, kuloza TV, kenako kulira. Pakamwa pamene panalumbira ndi pamene patsekeka. Mwana naye akuganiza kuti bambo ake sakumufuna. Inu mumadziwa za mawayawaya, chitanipo kanthu."

Njira inalipo imodzi yokha. Laputopu ili ndi batire yakeyake, ndipo tyuna imadya moto wa laputopu, choncho magetsi kaya azime. Ndinapita kwa bwana wamng'ono kukabwereka. Anati, "Loweruka tili ndi ntchito ya zipinda makumi awiri ku loji ija, ndipo laputopu ikufunika kumeneko pamodzi ndi iwe. Katundu wa kampani sapita ku zamatchalitchi. Ukangoyerekeza, usabwerenso." Ndinayesa kufotokoza kuti ndi a Sozinyo, amene anakwerera bambo ake madenga zaka zonsezo. Anati, "Si iwe amene unati sakumva?" Ndinatuluka mu ofesimo. Lachisanu madzulo ndinatchaja laputopu mpaka kudzaza, kuiika m'chikwama, n'kutuluka nayo pa geti ngati masiku onse. Amayi anu ndinawauza zonse. Anati, "Miyezi inayi yokha, bambo, mutuluke ndi dzina loyera." Ndinati dzina langa linada kale, kungoti anthu sakudziwa.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Nyumba ya a Sozinyo ili ku Ntopwa, ku Bangwe konko, kumunsi m'chigwa, kumene sigino imafika movutikira. Ndinawapeza atakhazikidwa pabedi, atatsamira khoma, atavekedwa jekete la ku tchalitchi. Alongo awo aakulu, mayi Filomena, amene anatsala kuwasamalira, anali atawasambitsa n'kuwadzoza mafuta kumaso ndi m'manja ngati akupitadi ku mwambo. Anali ataonda, ana anga, moti ndinalephera kuwayang'ana. Ndinati, "Achimwene, ndabwera." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza ndodo yawo ndi dzanja lamanzere n'kuloza kudenga.

Ndinaika laputopu pa mpando pafupi ndi bedi, kubaya tyuna, kulumikiza chingwe cha eriyo yakale. Galasi bii. Eriyo inali itapotoka ndi mphepo, ndipo panalibe wokwera wina koma ine. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa ntchito ya ma eriyo, ndinali ndisanakwerepo denga! Ndinauza mayi Filomena kuti akangoona chithunzi akuwe. Ndinabwereka makwerero kwa aneba, kuvula nsapato, n'kukwawa pa malata oterera. Bawuti ya mlongoti inali itadyedwa ndi dzimbiri, ndipo nditaikakamiza ndi sipanala inathyoka. Mlongoti unayamba kuzungulira wokha m'manja mwanga.

Ndinayamba kuuzunguza. Pansi ndinamva, "Yabwera!" Ndisanapume n'komwe, "Yapita!" Ndinabweza. "Yabwera! Ayi, yapitanso! Mayo ine, ayamba kale kuimba!" Ndinazunguza uku, kuzunguza uko, thukuta likutuluka pakati pa chisanu chonsecho. Ndinayamba kutukwana tyuna mumtima kuti yafa, kutukwana mayi Filomena kuti akuchedwa kukuwa. Batire inali ikutha, ndipo ndinkadziwa kuti siipitirira maola awiri ndi theka. Pamwamba paja palibe chimene umaona, ndi malata, utsi wa mbaula za anthu ndi nkhungu basi. Manja amafuna kuyenda, chifukwa kuima chabe kumaoneka ngati sukuchita kanthu. Kenako ndinamva khoma likugogodwa pansi panga. Go, go. Kawiri. Inali ndodo ya a Sozinyo, chizindikiro chathu chakale: bwezani.

Ndinaimitsa mlongoti. Chimene ndinkachita ndi chomwe chija ndinawachotsetsera ntchito. Ine wa pepala, ine wodziwa kuti tyuna imaganiza kaye, ndinali kuthamangitsa mlongoti ngati chiwongolero cha minibasi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinabweza mlongoti pang'ono, kadanga ka chala chimodzi, n'kuima. Pansi mayi Filomena anali atataya mtima n'kuyamba korona mokweza, ndipo mawu awo ankadutsa malata. Ine ndine wa mpingo wina, pemphero la Tikuoneni Mariya sindilidziwa bwino, koma tsiku limenelo linandithandiza ngati wotchi. Akamaliza limodzi, ndinkasuntha chala chimodzi, n'kudikira lina lithe. Loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe. Lachitatu lili pakati, mayiwo anadukiza, ndipo ndinamva kwaya. Kenako mawu a mwamuna, olemera, okokeka ngati a munthu woledzera, koma omveka:

"Po…mwe…po!"

Munthu amene anatha chaka osatulutsa liwu lomveka. Ndinalira padenga paja, sindibisa.

Bawuti inali itathyoka, ndipo mphepo inkakankha eriyo. Kusiya mlongoti kukanakhala kutaya chithunzi. Ndinakhala pansi pa malata, kuukumbatira ndi manja ndi maondo, n'kuuma ngati chitsa. Mwambo wonse sindinauone. Ndinaumva chabe kudzera m'malata: nyimbo, maina a oyera mtima akutchulidwa limodzi limodzi, nthungululu. Msana unawawa, zala zinafa dzanzi, kamvula kanandinyowetsa mpaka m'kati. Ndinakhala choncho pafupifupi maola awiri, ndipo m'maola amenewo ndinawerenga madenga onse amene munthu uja anakhalapo chonchi, ine ndikumwa tiyi pansi. Kenako phokoso linaduka. Batire inali yatha.

Nditatsika, ndinafunsa mayi Filomena ngati zinafika pa kudzoza. Anati, "Zafika, bambo, zonse taona. Mlamu wanga anamuperekeza yekha kuguwa, mbali inayo popanda munthu. Inasiyo anagona chafufumimba, ambuye episkopi anamusanjika manja. Atadzuka, kamera inabwera pankhope pake penipeni, mpaka chipsera chija anagwa pa njinga ali mwana chinaoneka, ndi misozi yomwe. Ndiye achimwene angawa anandikoka kuti ndisendeze mpando. Anatambasula dzanja, kuliika pagalasi, pamutu pa mwana, osalichotsa mpaka chinthu chanucho chinazima." Ndinayang'ana pagalasi lakudalo. Mafuta aja anawadzoza anali atasiya chidindo cha dzanja lonse, zala zisanu. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kunena kuti, "Achimwene, ndinakulakwirani. Mawu anga ndi amene ankachedwa." Anatenga dzanja langa, kulitembenuza, kuona dzimbiri la mlongoti lili m'chikhatho, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inaseka. Ndinatseka laputopu osapukuta.

Lolemba m'mawa, ndili pa siteji ndi chikwama kuti ndikabweze katundu wa eni ake, foni inalira. A Sozinyo anali atatisiya m'bandakucha. Ndinakwera minibasi ya ku Bangwe m'malo mwa ya ku shopu. Za ntchito ndinene mwachidule, poti zina munazimva kwa anthu ndipo mwina munachita nazo manyazi. Laputopu ndinakabweza Lachinayi, yonse bwinobwino. Bwana wamng'ono anandipatsa kalata yondichotsa chifukwa chotenga katundu wa kampani popanda chilolezo ndi kujomba. Sananame, ndinatengadi. Kalatayo ili mu sutikesi yakuda, mudzaipeza, ndipo musadzaing'ambe.

Inasiyo anafika Lachiwiri, ndipo Misa yake yoyamba ku Bangwe inali ya maliro a bambo ake. Titabwerako ku manda Lachitatu, anandikokera kuseri kwa nyumba, akadali ndi mkanjo. Ndinamutcha abambo, monga mwa ulemu wa ansembe, koma iye anati, "Ayi, kwa inu ndine mwana. Azakhali akuti bambo anaonera ndipo anakondwa. Koma azakhali amandikonda, akhoza kungonditonthoza. Inu munayenda nawo zaka zambiri, ndiuzeni zoona. Apita akadandikwiyira?" Ndinati, "Ine sindinaone kalikonse, mwananga, ndinali padenga. Koma dikira." Ndinatulutsa laputopu m'chikwama, kuitsegula, n'kumupatsa. Batire inali yakufa, galasi lakuda. Anayang'ana osamvetsa, ndiye ndinamuuza kuti aipendeketse pang'ono ku dzuwa. Chidindo chija chinatuluka, zala zisanu za dzanja lamanzere, ndipo m'galasi lakudalo munaoneka nkhope yake yomwe, chakumunsi pang'ono. Anasendeza mutu pang'onopang'ono mpaka unalowa pansi pa dzanjalo.

Ndinati, "Pomwepo."